MASAUKO CHIPEMBERE, PHUNGU NDI NDUNA YA BOMA

Mau onenedwa kwa mamembala pa Msonkhano wa Pachaka



Munthu amene mbiri yake iti ikambidwe pa msonkhano uno anakhala ndi moyo zaka 45 zokha. Pa zaka zimenezo, unduna wa Boma anaugwira miyezi 19, m'ndende anakhalamo zaka zitatu ndi theka, ndipo zaka khumi zotsiriza anazithera ku maiko a eni, kumene anamwalira osaionanso nyanja ya kwao. Woyesa ukulu wa nduna ndi kuchuluka kwa zaka zimene inakhala pa mpando adzati palibe zambiri zonena za Bambo Henry Masauko Blasius Chipembere. Koma muyeso wotere suwakwana iwo. Pakuti ntchito ziwiri zazikulu zimene zinasintha dziko la Nyasaland zinadzera m'manja mwao. Iwo, pamodzi ndi mnzao Kanyama Chiume, ndiwo anasandutsa Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba kukhala bwalo limene munthu wakuda amafunsapo Boma mafunso mosaopa. Ndiponso iwo ndiwo analimbika koposa onse kuitana Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi kuphunzitsa anthu kuti am'kweze pamwamba pa atsogoleri ena onse. Ntchito ziwirizi zinayenda limodzi zaka zingapo monga ng'ombe za goli limodzi, koma mu September 1964 zinatembenukirana, ndipo yachiwiriyo inapha yoyamba.

A Chipembere anabadwa pa 5 August 1930 ku Kayoyo, m'dera limene lero lili m'boma la Ntchisi. Bambo ao, a Habil Matthew Chipembere, anali mphunzitsi wa mpingo wa Anglican, amene pambuyo pake anadzozedwa unsembe nakhala mmodzi wa akulu a mpingowo. Dzina lakuti Masauko linachokera kwa mai ao, chifukwa cha mavuto amene anaona ali ndi pakati. Mnyamatayo anaphunzira ku Malosa ndi ku Blantyre Secondary School. Ndipo popeza maphunziro a m'dziko muno masiku amenewo anali kulekera panjira, anapitirira ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenaka ku Fort Hare ku South Africa, kumene analandira digiri m'chaka cha 1954. Fort Hare ndi sukulu imene inaphunzitsa Nelson Mandela, Oliver Tambo, Robert Mugabe ndi Orton Chirwa, ndipo wophunzira wakuda wofika kumeneko m'zaka zoyamba za ulamuliro wa tsankho sakanatha kubwerako wosadziwa ndale.

Atabwerera kwao analowa ntchito ya Boma ngati wothandiza Bwana Disi, nagwira ku Domasi, ku Fort Johnston (kumene lero ndi ku Mangochi) ndi ku Dedza. Amene agwira ntchito ya m'ofesi adziwa kulemera kwake kwa chinthu chimene a Chipembere anachitaya. Anthu akuda okhala ndi digiri m'Nyasaland yense anali owerengeka ndi zala, ndipo ntchito imeneyo inali ndi malipiro otsimikizika ndi chiyembekezo cha kukwezedwa. Chimene Boma linafuna kwa iwo chinali chimodzi chokha, kukhala chete. Koma iyi inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Angerezi anakhazikitsa mu 1953 ngakhale mafumu ndi anthu anachikana. Ndipo Nyasaland African Congress, imene inabadwa mu 1944 pamene mabungwe a anthu akuda a m'maboma osiyanasiyana anaphatikizana, inali itafooka kwambiri chifukwa cholephera kuletsa Chitaganyacho. A Chipembere anatula pansi ntchito, naima pa chisankho cha March 1956, napambana ali ndi zaka 25.

Kuti ntchito yao ya m'Nyumba ya Malamulo imveke bwino, nkoyenera kufotokoza mmene Nyumbayo inaliri. Anthu akuda anali ndi mipando isanu yokha, ndipo aphungu ao sanali kusankhidwa ndi anthu wamba, koma ndi makhonsolo a zigawo zitatu, mmene munali mafumu ndi akulu ena. A Chipembere ndi a N. D. Kwenje anaimira Chigawo cha Kummwera, a Ralph Chinyama ndi a Dunstan Chijozi Chigawo cha Pakati, a Chiume Chigawo cha Kumpoto. Mipando isanu ndi umodzi inali ya osankhidwa ndi anthu a mitundu ina, ndipo yotsala inali ya akuluakulu a Boma, amene anali kuvota monga mwa kufuna kwa Bwanamkubwa. Chotero anthu asanu aja sakanatha kupambana voti ngakhale imodzi, ndipo iwo eni anadziwa chimenecho.

Nanga mphamvu yao inali pati? Inali m'buku. Mau onse onenedwa m'Nyumba ya Malamulo amalembedwa ndi kusindikizidwa m'buku lotchedwa Hansard, ndipo phungu saimbidwa mlandu chifukwa cha zimene wanena m'Nyumbamo. Tsono mau amene akanagwetsa munthu m'ndende atawanena pa bwalo la kumudzi, a Chipembere ndi a Chiume anali kuwanena pamaso pa Bwanamkubwa, ndipo makina a Boma lomwelo anali kuwasindikiza ndi kuwagulitsa. Anatsutsa Chitaganya, anatsutsa tsankho la khungu, anafunsa za malamulo a malimidwe amene anali kulipitsa ndi kumangitsa alimi chifukwa cha mizere ya m'munda. Aphungu akuda amene analipo iwo asanabwere anali kuyankhula mofatsa ngati alendo pa nyumba ya eni. Awa anayankhula ngati eni nyumba. Buku limene kale linali kungodyedwa ndi chiswe m'maofesi linayamba kugulidwa ndi aphunzitsi ndi makalaliki, nalibwerekana, namasulira anzao osadziwa Chingerezi. Kongeresi inadzukanso ndi mau a anyamata awiri amene sanapambanepo voti.

Kuuma mtima kwa a Chipembere kunaonekera msanga ngakhale kwa anzao. A Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano anali aphungu a Nyasaland ku Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, ndipo anali kunena kuti nkwabwino kutsutsa Chitaganya ali m'kati mwake. A Chipembere anati kukhala m'Nyumba imeneyo nkuvomereza Chitaganya. Awiriwo atakana kutula pansi maudindo ao, anachotsedwa mu Kongeresi m'chaka cha 1957.

Koma panali chinthu chimodzi chimene maphunziro sakanawapatsa, ndicho imvi. M'dziko limene mau a mnyamata samveka pamaso pa mafumu, anthu a zaka zosakwana 30 sakanatha kutsogolera mtundu wonse, ndipo a T. D. T. Banda, amene anali pulezidenti wa Kongeresi, anaoneka kwa iwo kuti ntchitoyo yawakulira. Potero kuyambira kumapeto kwa 1956 a Chipembere anayamba kulembera makalata Dr. Banda, amene pa nthawiyo anali kugwira ntchito ya udokotala ku Kumasi ku Gold Coast, dziko limene linakhala Ghana chaka chotsatira. Dokotalayo anali atachoka kwao zaka zoposa 40 zapitazo, koma anali wamkulu, wophunzira, ndi wodziwika chifukwa chokana Chitaganya ali ku London. M'kalata ina, imene pambuyo pake inatchulidwa m'lipoti la Devlin, a Chipembere anafotokoza poyera maganizo ao: kuti anthu amafuna ngwazi yoti aitamande ngati nkhondo ya ndale iti ipambane, ndi kuti Dokotala asadabwe akamva akulalikidwa monga mpulumutsi wa mtundu. Anachitadi monga analembera. Iwo ndi anzao anayendayenda m'midzi kubukitsa dzina la munthu amene ambiri anali asanamuonepo, kotero kuti pa 6 July 1958, pamene ndege inatera pa Chileka, khamu la anthu linali kudikira.

Anyamatawo anayesa kuti apeza mbendera yoti aziinyamula, ntchito yeniyeni nikhala m'manja mwao. Dokotala anaganiza mwina. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu August 1958 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Kongeresi, napatsidwanso mphamvu yosankha yekha akuluakulu onse a chipani. Anasankha a Chipembere kukhala msungichuma, a Dunduzu Chisiza mlembi wamkulu, a Chiume wofalitsa nkhani. Tsiku limenelo palibe amene anadandaula, pakuti osankhidwawo anali omwe aja anam'itana. Koma dzanja limene lipatsa udindo lokha likhozanso kuuchotsa lokha, ndipo lamulo lopangidwa pa tsiku la chikondwerero linadzagwira ntchito pa tsiku la mkangano.

Zimene zinatsata nzodziwika kwa ambiri. Mu January 1959 atsogoleri a Kongeresi anachita msonkhano wa m'tchire pafupi ndi Limbe, Dokotala palibe. Boma linamva mphekesera yakuti anapangana kupha Azungu, ndipo pa 3 March Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analamula kuti atsogoleri onse agwidwe. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, 51 anaphedwa, mwa iwo 20 pa Nkhata Bay pokha. A Chipembere anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anakhala pamodzi ndi Dr. Banda ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Bungwe la Devlin litafufuza linapeza kuti chiwembu chopha Azungu monga Boma linachinenera panalibe, linatchulanso Nyasaland kuti yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Koma silinabise kuti pa msonkhano uja panali mau a chiwawa, ndi kuti a Chipembere anali mmodzi wa otentha mtima. Dokotala anamasulidwa pa 1 April 1960. A Chipembere anawasamutsira ku Kanjedza, ndipo anali m'gulu la otsiriza kutuluka, mu September chaka chomwecho, pa nthawi ya msonkhano wa ku Kota Kota umene unapatsa Dokotala upulezidenti wa moyo wonse wa chipani chatsopano cha Malawi Congress Party.

Ufulu wao sunakhalitse. Asanathe miyezi itatu anayankhula ku Rumphi mau oopseza Michael Blackwood, mtsogoleri wa Azungu ofuna Chitaganya, ndipo kumayambiriro kwa 1961 bwalo linawapeza ndi mlandu woutsa anthu kuti aukire Boma, niliwalamula zaka zitatu. Anakhala ziwiri m'ndende ya Zomba. Zaka ziwirizo ndizo zimene Boma latsopano linaumbidwa. Chisankho cha August 1961 chinawapeza ali m'kati, ndipo mpando wa Fort Johnston anausunga ndi bambo ao, wansembe uja. Dunduzu Chisiza, amene mwa anyamata onse anali woyamba kuchenjeza za kuopsa kwa mphamvu yokhala mwa munthu mmodzi, anafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu September 1962, mnzake ali chitsekeredwe.

Anatuluka mu January 1963, ndipo pa 1 February, pamene Dr. Banda analumbira kukhala Nduna Yaikulu, iwo anakhala Nduna ya Maboma Aang'ono. Pambuyo pake anapatsidwa unduna wa Maphunziro. Pano mbiri yoona iyenera kunena chinthu chosakoma. M'miyezi imeneyo, pamene anyamata a chipani anali kuvutitsa anthu a zipani zina, liu la a Chipembere silinamveke kuwateteza. Iwo anali mmodzi wa olankhula mwaukali kuti wotsutsa Kamuzu ndi mdani wa dziko. Pa chisankho cha April 1964 panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene analimba mtima kupikisana ndi chipani pa mipando 50 ya anthu onse, ndipo aphungu analowa m'Nyumba popanda kuponya voti. Nyumba imene inalandira ufulu pa 6 July 1964 inali yodzaza ndi anthu amene mipando yao anaipeza mwa chifundo cha munthu mmodzi.

Mkangano unabuka masabata asanu ndi awiri ufulu utangolandiridwa, a Chipembere ali ku Ottawa ku Canada pa msonkhano wa maphunziro wa maiko a Commonwealth. Pa 26 August nduna zinadandaula pamaso pa Nduna Yaikulu. Madandaulo ao anali awa: tiki, ndiyo makobiri atatu, imene odwala analamulidwa kulipira pa zipatala za Boma, lipoti la Skinner, limene antchito a Boma akuda anaona kuti likupondereza malipiro ao pamene maudindo aakulu anali chikhalire m'manja mwa Azungu, ubwenzi ndi Apwitikizi amene anali kulamulira Mozambique, ndi kukana kuzindikira Boma la China la ku Peking. Koma pansi pa zonsezi panali dandaulo limodzi, lakuti Dokotala anali kugamula zinthu yekha, nasunga maunduna ambiri m'manja mwake, natchula nduna zake pa misonkhano kuti anyamata ake. Pa 7 September anachotsa a Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a John Msonthi anatula pansi okha, ngakhale a Msonthi anabweza mau ao posachedwa.

A Chipembere anafika ku Zomba Nyumba itayamba kale kukambirana, pa 8 September. Iwo anali asanachotsedwe. Anali nduna yokondedwa koposa m'Chigawo cha Kummwera, ndipo akanakhala chete kachiwiri mpando ukanakhala wao. Anayesa kupempha kuti zokambiranazo ziimitsidwe kuti pakhale kuyanjana, koma sizinatheke. M'mawa mwake, pa 9 September, anatula pansi unduna, nakakhala pa mipando ya kumbuyo pamodzi ndi anzao.

Mau amene ananena tsiku limenelo anali ofatsa kuposa mmene anthu anawazolowerera. Sananyoze Dokotala. Anakana kuti nduna zinapangana chiwembu kapena kuti zinali ndi njala ya mpando, nakumbutsa Nyumba kuti anthu amene akutchedwa oukira ndi omwe anamangidwa chifukwa cha dziko lino, nafotokoza kuti m'Boma la aphungu nduna ziyenera kufunsidwa nzeru ndi kusenza pamodzi zimene Boma lachita. Mu 1956 mau otere, onenedwa ndi anthu asanu, anagwedeza Boma la Angerezi, chifukwa kunja kwa Nyumba kunali mtundu womvera. Mu 1964 omvera aja anali ataphunzitsidwa zaka zisanu ndi chimodzi kuti choona chimachokera pakamwa pamodzi, ndipo mmodzi wa aphunzitsi ao anali yemwe anali kuyankhulayo. Dokotala anali atauza kale Nyumba kuti kazembe wa China ku Dar es Salaam analonjeza mapaundi 18 miliyoni kuti agule mtima wa Malawi, ndi kuti ndunazo zinakopeka. Aphungu anaimirira mmodzimmodzi kulumbira kukhulupirika kwao, ndipo voti yosonyeza chikhulupiriro mwa Nduna Yaikulu inadutsa popanda wotsutsa.

Bwanamkubwa Sir Glyn Jones anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, koma analephera. Kumapeto kwa September ku Zomba kunabuka ndeu pakati pa antchito a Boma, amene ambiri anali kumbali ya nduna zochotsedwa, ndi anyamata a chipani obwera nao pa malole. Nduna zina zinathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. A Chipembere anabwerera kwao ku Malindi, m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Fort Johnston, ndipo Boma linalamula kuti asapitirire mamailosi anai kuchokera pa nyumba yao. Mu October anazemba nalowa m'mapiri a kumpoto kwa Malindi, kumene anthu a m'midzi anawabisa ndi kuwadyetsa miyezi yambiri.

Apa munthu wa mau anatenga mfuti. Usiku wa pa 12 February 1965 anatsika m'mapiri ndi anthu ngati 200, nalanda polisi ya Fort Johnston, natenga mfuti ndi magalimoto, nayamba ulendo wa ku Zomba, poyembekeza kuti akafika kumeneko antchito a Boma ndi asilikali ena adzakhala mbali yao. Mseu wochokera ku Fort Johnston umatsata kumadzulo kwa Shire kufikira pa Liwonde, pamene masiku amenewo magalimoto anali kuoloka pa pantoni. Atafika pa doko anapeza pantoni ili tsidya lina. Kunacha iwo ali tsidya lino, asilikali a Boma ali m'njira kuchokera ku Zomba, ndipo gulu lija linabwerera nilibalalikira m'tchire. Ena amati pantoni ikanakhala tsidya lao mbiri ya Malawi ikanakhala ina. Mau amenewo ngokayikitsa, pakuti anthu 200 a mfuti zochepa sakanalanda likulu la dziko pokhapokha asilikali akanawatsegulira njira, ndipo asilikaliwo anali pansi pa akuluakulu a Chingerezi omvera Boma.

Mtengo wa usiku umenewo anaulipira ndi anthu a m'midzi ya Fort Johnston. Midzi inatenthedwa, anthu mazanamazana anatsekeredwa popanda kuweruzidwa, ambiri ku Dzeleka m'boma la Dowa, ndipo dera lonselo linakhala lokayikiridwa ndi Boma zaka zambiri. Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondo ya m'tchire, anagwidwa napachikidwa ku ndende ya Zomba mu 1966 pamaso pa anthu oitanidwa kudzaonerera. Chaka chomwecho Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi mwa lamulo, ndipo mu 1971 Dr. Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wonse.

A Chipembere eni ake anali kudwala nthenda ya shuga, ndipo m'tchire munalibe mankhwala. Mu April 1965 anatulutsidwa m'dziko mwachinsinsi, mothandizidwa ndi Sir Glyn Jones ndi akazembe a America, nakafika ku California. Mu 1966 anapita ku Dar es Salaam, kumene anaphunzitsa pa Kivukoni College nayambitsa chipani cha Panafrican Democratic Party. Koma Amalawi othawira kunja sanagwirizane pansi pa mtsogoleri mmodzi, ndipo imfa ya Yatuta Chisiza, amene anaphedwa mu October 1967 atalowa ndi zida kudzera ku Mwanza, inatha chiyembekezo cha kubwerera ndi nkhondo. Mu 1969 anabwerera ku Los Angeles, naphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite, nayamba kulemba mbiri ya moyo wao, imene sanaimalize. Anamwalira kumeneko pa 24 September 1975.

M'dziko muno dzina lao silinali kutchulidwa poyera kufikira ulamuliro wa chipani chimodzi unatha. Pambuyo pa chisankho cha 1994 mseu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, umene kale unali kutchedwa dzina la Kamuzu, unapatsidwa dzina la Masauko Chipembere. Mai Catherine Chipembere, amene anasenza nao umoyo wa kuchilendo ndi kulera ana bambo atamwalira, anabwerera kwao, ndipo anthu a ku Mangochi anawasankha kukhala phungu wao m'Nyumba ya Malamulo, imene pa nthawiyo inali kukumanabe ku Zomba.